Mateyo Amanga Katundu wa Kuchipatala

Mateyo anabadwira ku Mavwere, koma ukwati unamukokera kufupi ndi ku Kachebere, komwe amakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wake, Consolata. Mtedza amalima monga wina aliyense, koma chomwe chinamutchukitsa ndi njinga yake yakapalasa. Amalonda a pa Boma amamutuma kukatenga katundu kumalire a Zambia: matumba a ufa, zigubu za mafuta ophikira, tsiku lina mpaka matiresi ndi mbuzi pamwamba pake. Amamanga ndi malegeni odula ku machubu akale, ndipo katundu womanga iye sagwa ngakhale njinga itagubuduzika m'dambo. Eni katundu amangodandaula chimodzi, kuti pomasula pamafunikanso mwini wakeyo.

Consolata atakhala ndi pakati koyamba, Mateyo anamuperekeza kusikelo poti anamva kuti obwera ndi amuna awo sachedwa pamzere. Anakhala pabenchi pakati pa amayi, chipewa pabondo, akusinza. Koma namwino atayamba kutchula zoyenera kukonzeratu tsiku lochira lisanafike, monga zitenje zochapa bwino, beseni, sopo, lezala latsopano, ulusi ndi pepala lakuda lapulasitiki loyala pabedi, tulo tonse tinatha. Imeneyi inali nkhani ya katundu.

"Funso, amayi," anatero atakweza dzanja. "Zonsezi ukhale mtolo umodzi kapena iwiri?"

"Mmene mungathere, bambo. Bola zikhale pafupi," anayankha namwinoyo.

Mateyo anagula zonse pa Boma, nkuzilongedza m'beseni, nkukutira ndi chiguduli. Kenaka anakulunga malegeni uku ndi uku mpaka mtolo unalimba ngati ng'oma. Anauika pakhonde kuti anthu odutsa aone.

Woyamba kuona anali apongozi ake, mayi Dailesi, omwe amagulitsa zitumbuwa pamsewu. Iwowa anakula akumva kuti mfundo pa zinthu za mayi woyembekezera zimatseka njira ya mwana. Vuto linali lakuti mkamwini ndi apongozi sayankhulana maso ndi maso, choncho mawu onse ankadzera kwa Consolata, ngakhale onse atatu ali pabwalo limodzi.

"Konso, uwauze amuna akowo kuti mwana wanga sakukagulitsa fodya. Amasule."

"Mwamva, a Mateyo?" anafunsa Consolata.

"Ndamva. Muwauze amayi kuti beseni likakagwa panjira, sopo akatola ndi agalu."

"Mwamva, amayi?"

"Ndili ndi makutu, iwe."

Nkhondo inayambira pamenepo. Mateyo akangopalasa kupita kumalire, mayi Dailesi ankakhala pamphasa nkuyamba kumasula, zikhadabo zikuthyoka, zitumbuwa zikupserera pamoto. Madzulo mkamwini akabwera ankapeza malegeni ali mbwee pansi. Ankangomanganso, nkuonjezera legeni lina. Ndipo pomanganso paliponse ankakumbukira chinthu chomwe namwino, m'maganizo mwake, anachiiwala. Analowetsamo pampu, kuopa kuti tayala likhoza kuphwa panjira. Tsiku lina sipanala. Tsiku linanso chubu chatsopano.

Consolata, miyendo itatupa, ankangowayang'ana. "Inu mukamadzamaliza, mwanayu adzakhala akupita kusukulu," anatero tsiku lina, koma palibe amene anamumvera.

M'mawa wina Mateyo anamanga mfundo yake yapamwamba, ija amamangira zigubu za mafuta, nsonga zonse nkuzibisa pansi pa beseni. Anapita kumalire akuimba mluzu. Mayi Dailesi anauzungulira mtolowo osapeza poyambira.

Masana a tsiku lomwelo, Consolata akuthothola mtedza pansi pa mtengo wa mango, matenda anayamba. Davie, mnansi wawo wa njinga yamoto, anawakweza onse awiri, mayi Dailesi kumbuyo kwenikweni mtolo uli pamutu. Mateyo anachita kuimbiridwa foni ali m'njira.

Pachipatala chaching'ono cha m'deralo namwino anamulowetsa Consolata m'chipinda chochirira, nkutulutsa mutu pakhomo.

"Gadiyani, pepala ndi zitenje, msanga!"

Mayi Dailesi anagwada pakhonde. Anakoka legeni lina, linzake nkulimba. Anayesa ndi mano, nkulavula fumbi la msewu wa ku Chipata. Amayi ena odikirira odwala awo anabwera kudzathandiza, wina kugwira uku, wina kupondera uko, mtolo uli chete.

"Mayi, ingodulani ndi lezala!" anakuwa namwino.

"Lezalalo lili m'katimu!"

Mayi wina anathamangira kukhitchini ya magadiyani nkubwera ndi mpeni wodulira masamba. Mayi Dailesi anaulanda, nkucheka pakati penipeni. Legeni linathawa ngati njoka, nkuwakwapula pamkono, thwa! Beseni linagubuduzika mpaka pamapazi a namwino. Choyamba kutuluka inali pampu, pambuyo pake sipanala.

Namwino anatola sipanalayo nkuiyang'ana mbali zonse. "Kodi tikuyembekezera mwana kapena njinga?"

Khonde lonse linaphulika ndi chiseko. Ngakhale Consolata m'katimo anamveka akuseka kwinaku akubuula. Namwino anatola pepala ndi zitenje nkutseka chitseko.

Mateyo anafika thukuta lili kamukamu, zigubu za eni ake zidakali panjinga. Anafuna kulowa, koma amayi aja anamubweza kuti amuna malire awo ndi pakhonde. Anakhala pansi nkuyamba kutolera zidutswa za malegeni ake, akuziyang'ana ngati zamaliro. Koma mkazi wake atabuulanso, zidutswazo zinamugwa m'manja. Anagwira mutu, akupemphera mapemphero onse omwe ankawakumbukira, ngakhale la pa chakudya.

Dzuwa litapendeka kunamveka kulira kwa khanda. Patapita kanthawi mayi Dailesi anatuluka, mkono utatupa, maso ali ndi misozi. Anaiwala mwambo, anaima patsogolo pa mkamwini wawo nkumuyang'ana m'maso.

"Mwana wamkazi, bambo. Onse ali bwino. Ndipo mwaona? Njira yatseguka nditangodula zingwe zanuzo."

Mateyo anagwada, nkuomba m'manja mwaulemu. "Zikomo, amayi. Komatu palibe chomwe chagwa panjira."

Mpaka lero aliyense mwa awiriwa amakhulupirira kuti anapambana ndi iye.

Mwanayo anadzamutcha Mwayi. Tsiku lotuluka m'chipatala, Davie anabwera ndi njinga yake yamoto, koma Mateyo anakana kuti imagwedeza. Anaika pilo pakaliyala pa njinga yake yakapalasa, nkukhazikapo Consolata khanda lili m'manja, iye nkumakankha njingayo wapansi. Pa dzenje lililonse ankaima kaye nkuliyang'ana. Ngolo ikamabwera ankaikwezera dzanja kuti ichepetse fumbi. Amayi ochokera kuchigayo anawapitirira. Nkhalamba ina yoyenda ndi ndodo inawapitirira, nkukafika kwawo, nkubwereranso kudzafunsa ngati njinga yawonongeka.

Atafika pa mlatho wa pafupi ndi mudzi, Consolata anatopa nazo. Anatsika, nkumupatsira mwana.

"Gwirani, a Mateyo. Ine ndatsogola, njala yandipweteka."

Mateyo anatsala pakati pa msewu, manja onse ali pa khanda, njinga itatsamira m'chiuno mwake, akuopa ngakhale kupuma. Anaima pomwepo mpaka mayi Dailesi anabwera kudzamuombola.