Chiwaya cha mu shedi ya ku Finglas

Nthawi imene ntchito zomanga zinaima ku Dublin, ine ndi mnzanga wina wa ku Zambia tinkadyera maganyu ochotsa katundu m'nyumba za anthu. Poyamba tinkapenta mafulati ku Ongar, koma riseshoni, kugwa kwa chuma kuja, itafika bwana wathu anangozimitsa foni, mafulatiwo n'kutsala opanda mawindo. Mnzangayo anali ndi vani yakale yoyera, ndipo ganyu sinkasowa kwenikweni chifukwa anthu ambiri ankasamuka.

Ganyu ya ku Finglas, dera lina la mu Dublin momwemo, anatipezera ndi abambo ansembe a ku parishi yathu. Anati kuli mayi wina wamasiye, Mwairishi wokalamba ndithu, amene mwana wake wamwamuna anapita kukafuna ntchito ku Canada. Mayiwo ankasamukira kwa mwana wawo wamkazi, ndiye pankafunika anthu okonza shedi ya malemu amuna awo nyumba isanagulitsidwe.

Tinafika m'mawa, kunja kuli chifunga. Anali mayi wamfupi, watsitsi la mbuu, atavala juzi ziwiri. Anatipatsa tiyi, kenako kiyi, koma ku shediko sanatiperekeze. Anaima pakhomo la khitchini n'kuloza ndi chibwano.

"Chotsani zonse," anatero m'Chingerezi chawo chothamanga chija. "Chachikulucho chisiyeni, chili ndi wochigula kale."

Shediyo inali yaikulu kuposa mmene inkaonekera panja. Tinatulutsa zitini za penti youma, masipanala adzimbiri, matayala, njinga zopanda unyolo. Pakati panali chinthu chofunditsidwa lona wobiriwira, chachitali kundiposa. Lonayo anakodwa ku makwerero amene ndinkakoka, n'kugwa pansi yense.

Mnzanga anabwerera m'mbuyo. "Mudala, ni chani ichi?"

Inali galimoto, koma ya mtundu umene ndinali ndisanauonepo. Matayala ake anali owonda ngati a njinga yamoto, okhala ndi masipoko. Thupi lonse linali malata okhuthala otuwa, olumikizidwa ndi misomali ya mitu yobulungira. Galasi panalibe, koma timipata topyapyala toonera kunja. Pamwamba panali chimphika chachitsulo chovundikira, ndipo m'chimphikamo munatuluka mfuti ya chiwaya, yonenepa ngati paipi ya madzi. Ndinakumbukira chimbaula cha apolisi chimene tinkachithawa kwathu pa nthawi ya zionetsero, koma ichi chinali chakale kwambiri, ngati gogo wake wa chimbaulacho. Mfutiyo inaloza kukhomo, pamene tinaima ife.

Masana mayi aja anatiitanira supu. Sitinawafunse kanthu, anayamba okha. Apongozi awo aamuna, anatero, ankaomba chiwaya m'galimoto yotereyi ali mnyamata, pa nkhondo imene Aairishi ankamenyana okhaokha. Magalimotowo anabwera ndi asilikali a ku Britain, ndipo iwo atachoka anawasiyira asilikali a konkuno. Amuna a mayiwo anakula akumva nkhani zimenezo. Atapeza chigoba cha imodzi pa famu ina, nkhuku zikuikiramo mazira, anachigula n'kutha moyo wawo wonse akuchikonza. Mfutiyo anaitseka poiwotcherera, singaombe.

"Ine sindinapondemo mu shedi imeneyo," anatero.

"Chifukwa chiyani, mayi?"

Anatiuza za mayi awo owabereka. Ali mtsikana, anatumidwa kukagula buledi pamodzi ndi mng'ono wawo. Pobwerera, galimoto yotereyi inatulukira pakona. Sinkamveka ikamabwera, injini yake inali yofatsa. Chimphikacho chinazungulira pang'onopang'ono, ndipo kunyumba kunabwerera mtsikana mmodzi yekha.

"Mayi anga mpaka kumwalira ankanena kuti sanaone munthu, anangoona kampata kakuda. Sankadziwanso kuti inali ya asilikali a mbali iti. Amuna anga ankati si imeneyi, zinalipo zingapo. Koma iwo akanadziwa bwanji?"

Titamaliza kudya anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira.

"Mwana wanga, undithandize chinthu chimodzi. Muikankhire panja galimotoyo, iwe ulowemo utseke. Ndikufuna ndione chimene mayi anga anaona, isanachoke."

Mnzanga anapukusa mutu n'kundilankhula m'Chinyanja. "Osavomera, mudala. Ivi vinthu si vabwino." Koma kukanira munthu wamkulu amene wangokudyetsa kumavuta. Tinaikankha, ndipo ngakhale inali yolemera, inayenda mosavuta mpaka mphuno yake inatulukira pabwalo.

Ndinalowera kumbuyo, pa kachitseko kakang'ono, mnzanga n'kutseka. Munali mdima ndi fungo la girisi. Munali mopanikiza moti mawondo ankagunda zitsulo. Ndinaimirira mowerama, mutu m'chimphika muja, n'kuika diso pa kampata. Dziko lonse linachepa, kungotsala kachidutswa ka bwalo, chingwe choyanikira zovala ndi chitseko cha khitchini. Phokoso la mabasi a mumsewu silinkamvekanso. Ndinkangomva kupuma kwanga, ndipo nditaugwira mpweya kuti ndimvetsere, ndinaona ngati kupumako kwachedwa pang'ono kusiya.

Mayi aja anatuluka atakumbatira buledi pachifuwa. Sindinayembekezere zimenezo. Pa kampatako sankaoneka ngati gogo. Ankaoneka kamunthu kakang'ono, kopanda nkhope, ndipo dzanja lawo lamanzere linatambasukira pambali, zala zitapinda, ngati agwira dzanja la wina wamfupi. Anayamba kuyenda m'mbali mwa mpanda, kuchokera kukhitchini kulowera kugeti.

Manja anga anali pa zogwirira za mfuti. Sindikumbukira nthawi imene ndinawaikapo. Zogwirirazo zinali zosalala, ndiponso zofunda, pamene zitsulo zina zonse zinkaluma ndi kuzizira. Mayiwo ankayenda, koma pa kampata sankachokapo. Mpanda unkadutsa kumbuyo kwawo, chingwe cha zovala chinadutsa, bini inadutsa, iwo ali pakatikati pomwepo, kumapeto kwa mpope wa mfuti.

Kenako anaima n'kutembenuka kundiyang'ana. Anaitana dzina la mtsikana, kawiri, ndi mawu aang'ono osakhala awo. Buledi anagwa pansi.

Ndinamenya chitseko ndi chidendene mpaka mnzanga anatsegula. Ndinatuluka chokwawa, malaya atanyowa ndi thukuta m'kuzizira konse kuja. Iye anandigwira pakolala.

"Iwe, wenze kuwalondola na mfuti chifukwa chani?"

"Sindinaizungulitse ine, amwene."

"Nanga ni ndani? Wenze weka mukati!"

Ndinacheuka. M'mawa mfutiyo inaloza kutsogolo, koma tsopano inali itapenya kugeti. Mwina ndinaikankha ndi phewa osadziwa. Malemuwo akuti ankaipaka girisi kawirikawiri, koma anali atamwalira kalekale. Mnzanga anakwera pamwamba kuti aibweze, ndipo inakana mpaka tinachita kugwirizana awiri, ikulira ngati chitseko chadzimbiri.

Mayiwo tinawapeza atakhala pa sitepe, akupukuta buledi ndi mkono wa juzi. Sankalira. Ndinawapepesa, koma anakupiza dzanja.

"N'zoona, munthu saoneka," anatero. "Ndimayesa ndiona maso ako." Kenako anafunsa ngati tikufuna tiyi wina.

Tsiku lotsatira kunabwera lole yokhala ndi chokokera, pamodzi ndi bambo wina wonenepa wosonkhanitsa magalimoto akale. Ankasisita malatawo akumwetulira, n'kutipempha kuti timujambule pafoni ataima pambali pake. Mayiwo sanatuluke. Makatani a kukhitchini anali otseka mpaka loleyo inakhota pakona.

Ine ndi mnzanga tinagwirabe ntchito limodzi nyengo yozizira yonseyo, koma za ku Finglas sitinkazikamba. Tsiku lina tikudya matchipisi m'vani ku Coolock, anangoti, "Mudala, pamene unatuluka uja, ninamvera monga wina akhosomola mukati." Ndinamuuza kuti zitsulo zimalira zikamazizira. Anavomera ndi mutu, n'kuliza injini. Chilimwe chitafika anagulitsa vaniyo n'kubwerera ku Chipata, ine n'kupeza ntchito yosamalira okalamba.