Chinjoka cha pa Pepala la Kanyenya

Lero mwana wanga wabwera ndi buku lachingerezi, pachikuto pali chinjoka cholavula moto. Ndalinunkhiza, koma likungomveka inki. Kwa ine, nkhani zoterezi zimayenera kununkhira kanyenya.

Ndili mwana, ku Khombedza kunali mayi wina wokazinga utaka, amene ankakulunga nsomba m'mapepala othothola m'buku limodzi lalikulu. Mkulu wanga, yemwe anali kusekondale, ankawongola pepala lililonse pabondo n'kumandimasulira. Munali mkazi wa mchira wa nsomba amene anakondana ndi mnyamata wamapiko wa m'nkhalango, koma chinjoka chinkawatchingira njira. Tinkadya utaka mpaka milomo kuyabwa ndi tsabola, bola nkhani ipitirire.

Tsiku lina mayiwo anati, "Ana inu, buku lanu lija latha. Ili ndi tsamba lomaliza."

Anatikulungiramo nsomba zongochoka m'chiwaya. Pofika pansi pa mtengo wa mango, pepala lonse linali litamwa mafuta, zilembo za kutsogolo ndi za kumbuyo zitasakanikirana. Ndinayamba kulira.

"Ukulira chiyani iwe?" anatero mkulu wanga. "Ine ndikuona bwinobwino."

Analikweza kudzuwa n'kutsokomola pang'ono ngati mphunzitsi. Anawerenga osadodoma kuti chinjoka chinagonja, mnyamata uja anavula mapiko ake n'kuwasiya pamchenga, ndipo ukwati unachitikira pansi pa nyanja yathu yomweyi, chambo chikuvina.

Ndinapukuta misozi n'kusuzumira pepalalo. Mafuta ankatsikira pachala chake, ndipo zilembo zonse zinali chadodolido.