Foni Imene a Yacoob Anakana Kufufuta

A Yacoob ali ndi kashopu kokonzera mafoni mumzinda wa Leicester, kopanikizika pakati pa butchala ndi malo ometera tsitsi. Mukalowa anthu atatu, wachinayi amadikira panja. Eni akewo ndi bambo wamfupi wa ndevu zoyera, ndipo Amalawi ambiri a ku Braunstone ndi ku Wigston amalambalala mashopu akuluakulu a m'tauni n'kudzasiya mafoni awo kwa iwo.

Anabadwira ku Luchenza, m'banja la amwenye. Bambo awo ankagulitsa nsalu, palafini ndi mabatire a wailesi, ndipo iwo anakula akumenya mpira wachikulunga ndi ana a kuseri kwa sitolo, moti Chichewa chinawalowa m'magazi asanayambe n'komwe sukulu. Banja lonse linasamukira ku Mangalande iwo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo posakhalitsa analowa ntchito pa fakitale yoluka masokosi. Kumeneko anaphunzira kumvetsera makina. Ankati makina akafuna kufa amayamba asintha kaliridwe. Mafakitale atayamba kutsekedwa anatembenukira ku mawailesi ndi makanema, ndipo mafoni atabwera anadziphunzitsa okha, akumaphwasula akufa omwe anthu ankataya. Koma Chichewa chawo chinaima pomwe anachisiyira. Foni amaitchabe lamya, Blantyre amati ku Kabula, ndipo manesi a ku Malawi akabwera Loweruka amawayamba dala kuti amve mawu omwe anawamva komaliza kwa agogo awo.

Lachiwiri lina m'mawa, kukuwaza kamvula, m'shopumo munalowa Anganile, mayi wa ku Karonga amene amasamalira okalamba ku Oadby. Anali adakali mu yunifomu. Anatulutsa m'jumbo foni yophwanyika galasi n'kuiika pa kauntala.

"Bambo Yacoob, mundidilitire zonse zili m'menemu. Mukatha muitaye, kapena muchotsemo masipeya. Ine sindikufunanso kuiona."

A Yacoob anaizindikira foniyo. Anamugulitsa okha zaka ziwiri m'mbuyomo, pamene mwana wake wamkazi Tuntufye ankayamba sekondale. Anafunsa za mwanayo, ndipo Anganile anayamba wayang'ana kudenga asanayankhe. Tuntufye anali m'chipatala. Anakomoka kusukulu, ndipo madokotala anapeza kuti kwa miyezi yambiri mwanayo sankadya. Ankavala majuzi akuluakulu, mayi ake n'kumati ndi fasho ya ana a kuno. Foni sankaisiya, kubafa nayo, patebulo nayo, ndipo ukamulanda ankalira ngati wamva za maliro. Anganile atachoka kuchipatala tsiku loyambalo anafika kunyumba, n'kuitenga foniyo kukaimenyetsa pa sitepe ya pakhomo katatu.

Ntchito yofufutayo inali ya mphindi zochepa. Koma a Yacoob sanaigwire foniyo. Chaka chapitacho anali atachitapo ntchito yotereyi. Mnzawo wa kumzikiti, a Sajid, anabweretsa foni ya mwana wawo wamwamuna amene anasiya sukulu ndipo sankatulukanso m'chipinda, ndipo iwo anafufuta zonse mosafunsa. Patapita miyezi, maloya ena a ku Nottingham anayamba kusonkhanitsa mabanja ofuna kusumira kampani ina ya apu yoonerapo timavidiyo, ponena kuti inaipanga dala kuti ana asamathe kuisiya. A Sajid anabwerera kudzafunsa ngati zofufutidwazo zingabwezedwe. A Yacoob anayesa masiku atatu, osapeza kanthu. Mnzawoyo sanawanene, anangothokoza n'kutuluka, ndipo kuthokozako n'kumene kunawapweteka kwambiri.

Anamufotokozera Anganile nkhaniyi, koma iye atangomva za maloya nkhope inasintha. Anati iye sanabwere kuno kudzadzivula pagulu. Kutchalitchi akamva adzati mayi wake amangothamangira mashifiti, mwana akulera yekha. Bambo a mwanayo ali kumudzi, ndipo akuchimuna akamva adzati Mangalande wamudyera mwana. Komanso kampani zoterezi zili ndi maloya odzaza basi, iye ndani?

"Mayi a Tuntufye, ine sindikuti musume," anatero a Yacoob. "Ndikungoti musaotche munda musanaone chomwe chadya chimanga. Chinanso, lamyayi si yanu, si yanga. Mwini wake ali moyo. Achire kaye, timufunse."

Anganile anawauza kuti m'tauni muno okonza mafoni ndi ambiri. Iwo anavomera, n'kumukankhira foniyo kuti aitenge. Anganile anaiyang'ana, kenako anatuluka osaitenga, osatsanzikanso.

Masana omwewo a Yacoob anatenga nambala ya maloya kwa a Sajid n'kuimba. Anayankha ndi mayi wina dzina lake Michelle. Iwo sanatchule dzina la munthu, anangofunsa kuti foni yotere angaisunge bwanji, ndipo anadzipereka kuti aikapo galasi latsopano kuti zamkati zioneke. Michelle anawaletsa. Anati asaiyatse, asaichaje, asaimasule ngakhale kasikuluwu kamodzi, chifukwa maloya a kampani ija adzati umboni unaseweretsedwa. Anawauza kuti aiike mu envelopu, amate, alembe tsiku ndi dzina la aliyense amene waigwira. A Yacoob zinawawawa pang'ono. Zaka zonsezi akukonza zinthu, lero mwana wa dzana awauze kuti luso lawo ndi kusagwira! Komabe anachita monga anauzidwira, n'kuikiya envelopuyo mu dirowa ya pansi.

Inakhala momwemo milungu isanu ndi iwiri. Anganile sanabwere, ndipo manesi a Loweruka atafunsa chifukwa chomwe mnzawo sakuonekera, a Yacoob anati sakudziwa za anthu, amadziwa za malamya.

Tsiku limene anabwera anali ndi Tuntufye, mtsikana wamtali, woonda, manja atawabisa m'mikono ya jekete. A Yacoob anamupatsa mpando wawo, iwo n'kuima. Anamulankhula m'Chichewa, iye akuyankha m'Chingerezi monga achitira ana obadwira kuno. Anamuuza kuti foni yake ilipo, palibe waiona zamkati, ndipo akafuna kuti ifufutidwe aifufuta pomwepo iye akuona, koma akalola itha kupita kwa maloya ngati umboni. Mtsikanayo anafunsa ngati mayi ake adzawerenge mauthenga ake ndi anzake. A Yacoob anati funso limenelo sangaliyankhe ndi bodza, n'kumuimbira Michelle kuti afunse yekha. Analankhulana nthawi yaitali, Tuntufye atatembenukira kukhoma. Atamaliza anati foni ipite kwa maloyawo.

Kenako anawonjezera, osayang'ana munthu, kuti iye ankafuna kusiya. Apuyo anaidilita kasanu, ndipo kasanu konse anaibwezeretsa dzuwa lisanalowe. Anganile anali asanamvepo zimenezi.

Akatswiri omwe maloya anawapatsa foniyo anatenga miyezi inayi akuunika zamkati. Lipoti litatuluka, Anganile anapempha a Yacoob kuti amuperekeze ku Nottingham, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri shopu inatsekedwa pakati pa sabata. Anakwera sitima ya m'mawa. Mu ofesi ya maloya Michelle anawerenga pang'onopang'ono. Masiku ambiri mwanayo ankakhala pa apuyo maola asanu ndi anayi. Poyamba ankangofuna timavidiyo tophunzitsa kuponya mpira wa ntchemberembaye, chifukwa ankafuna kulowa timu ya kusukulu. Pasanathe mwezi, apuyo inayamba kumubweretsera yokha atsikana odzitama ndi kuonda, ndipo akaonera kamodzi inkabweretsa ena ambiri. Zambiri mwa izo sanazifufuze.

Anganile anakumbatira chikwama chake pachifuwa. Kenako anatembenukira kwa a Yacoob n'kunena m'Chichewa, "Ndinkamumenya mwana uja, bambo. Ndinkati ndi mwano."

A Yacoob anamuthirira madzi m'kapu n'kudikira. Atapuma, Anganile anapempha cholembera n'kusaina kuti banja lake lilowe nawo pamlanduwo.

Michelle anapemphanso a Yacoob kuti alembetse umboni wawo wa momwe anasungira foniyo. Zinali zophweka, mpaka pamene anawafunsa ngati ana amabwera kushopu kwawo kudzachotsetsa maloko omwe makolo amaika pa mafoni. A Yacoob anati amabwera, ndipo kwa zaka zambiri iwo ankachotsa. Mwana ankangoti waiwala nambala yachinsinsi, iwo n'kutsegula osafunsa kholo. Sankadziwa kuti anali angati, koma anali ambiri. Michelle anaika cholembera pansi n'kuwachenjeza kuti mawu amenewa akalembedwa, maloya a kampani adzawagwiritsa ntchito. Adzati vuto si apu, vuto ndi makolo ndi anthu ngati iwowo. Anawapatsa sabata kuti akaganize.

Kunyumba, akazi awo a Fehmida sanakondwe. Anati munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zake sapita kukadzipachika yekha pamlandu wa eni. Anawakumbutsa kuti shopu imayenda ndi dzina, ndipo makolo akamva adzathawa. A Yacoob anamvetsera mpaka tiyi anazizira. Anati ngati akufuna kuti eni apu avomere mbali yawo, iwo sangabise yawo, ingakhale yaing'ono. A Fehmida anati amadziwa kale kuti ayankha choncho, ndipo m'mawa mwake anawasitira shati yoyera yopitira ku Nottingham.

Zimene a Fehmida ankaopa zinachitika pang'ono. Nkhani inamveka, ndipo bambo wina wa ku Zambia anabwera kudzawakalipira pamaso pa makasitomala, poti loko ya mwana wake inachotsedwa pomwepo. A Yacoob sanadziikire kumbuyo. Anapepesa, n'kumuikira ina. Pakhomo anamata chikwangwani cholemba pamanja chakuti loko ya pa foni ya mwana imachotsedwa kholo lilipo. Ana a sukulu omwe ankadzaza pakhomo akaweruka anasamukira kushopu ina ya kumtunda kwa msewu.

Mlandu wokha sunalowe m'khoti mpaka lero. Michelle amati ungatenge zaka, ndipo sabisa kuti akhoza kugonja. Tuntufye anabwereza kalasi. Amapitabe kuchipatala kawiri pamwezi, ndipo pali masabata ena ovuta, koma mayi ake amati tsopano akavutika amanena. Anganile anachepetsa mashifiti, ndipo zoti kutchalitchi adzati chiyani anasiya kuziopa. Anaimirira yekha pamsonkhano wa amayi n'kufotokoza zonse, mwana wake atamuloleza.

Amayiwo ndi amene anapempha abusa kuti aitane a Yacoob. Lamulungu lina mapemphero atatha, m'holo yobwereka ku Wigston, Msilamu wa ndevu zoyera anaima kutsogolo kwa mpingo, ngakhale anali asanalankhulepo pagulu. Sanalalikire. Anangopempha kholo lililonse kuti likhale pafupi ndi mwana wake, amupemphe foni mwaulemu, ndipo anawaonetsa pomwe angadine kuti aone maola omwe mwanayo amakhala pa foni. Anawachenjeza kuti akaona nambala yoopsa asakalipe pomwepo, ayambe afunsa mwanayo zomwe amaona. M'holomo munamveka manong'onong'o, ena m'Chichewa ena m'Chingerezi. Mtsikana wina analira, bambo ake n'kutuluka naye panja atamugwira paphewa.

Anthu anachita mzere kuti awafunse mmodzimmodzi, ndipo a Yacoob anakhala mpaka woyang'anira holo anayamba kupinda mipando. Basi yawo inawasiya. Mkulu wa mpingo anawatenga pa galimoto yake, ndipo njira yonse anakambirana za sitima ya ku Luchenza, poti nayenso anakulira komweko.