Mtima Pansi pa Ziguduli

Fungo la chiguduli chonyowa linandipeza dzulo pamsika, nthawi yomweyo maganizo anandibweza kufamu ya fodya ku Mvurwi, kumene tinkakhala ndili mwana.

Bambo, asanathawe nkhondo kwathu ku Tete, anagwirapo ntchito m'mabwato ku Beira. Ankatiuza za shaki, chinsomba cholusa, yokhala pansi penipeni pa nyanja, kumene kuwala sikufika. Ankati ili ndi timabowo pamphuno, timene timamva magetsi a m'thupi mwa kansomba kobisala mumchenga. "Malinga mtima ukugunda, ikupeza basi."

Tsiku lina masana lole ya apolisi inalowa m'komboni kudzatenga anthu opanda chitupa ngati ife. Bambo anandikokera m'shedi, tinadzifunditsa ziguduli. Fumbi la fodya linkandiwawa m'maso.

"Usapume mwamphamvu, mwanangu," ananong'ona.

Mpweya ndinaugwira, koma mtima unakana. Unkagunda ngati ukuitana anthu. Ndinaufinya ndi manja onse awiri, ndikuupempha kuti uime pang'ono chabe.

Nsapato zinayenda pasimenti, kenako zinaima. Wina anavundukula chiguduli cha bambo. Iwo anadzuka msanga, nati, "Ndili ndekha muno, bwana."

Anawatenga. Ine ndinatsala pansipo, manja pachifuwa, ndikudziwa kuti mtima wanga ndi umene wawaulula.