Tsiku Lomwe Ndinachotsa Amalume M'timu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene ndinachotsa amalume anga m'timu, ndipo mpaka lero ndikakumbukira kaseweredwe kawo, mutu umandiwawabe.

Inali gemu ya pafoni, ija yomenyana anayianayi pa intaneti. Ine ndinkasewerera ku Lirangwe, pakhonde pa golosale ya amayi, pomwe netiweki inkagwira bwino. M'timu munali mnzanga Yamikani, msuweni wanga Chisomo amene anali ku Joni, ndi bambo ake a Chisomoyo, amalume a Biziwiki, mlonda wa ku Chileka. Tinkakumana Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi.

Ine ndinkafuna kupambana basi. Ndinkagawa ntchito, ndinkakuwa mpaka makasitomala kucheuka. Koma amalume! Adani atatizinga, iwo ali phee kuseri kwa mtengo, n'kumafunsa kuti, "Chisomo, kukuzizira kumeneko? Jekete ija unagula?"

"Amalume, thawirani kumanzere!" ndinkatero ine.

"Kumanzere kwa ndani, mphwanga?"

Akaphedwa, zomwe sizinkachedwa, sankadandaula n'komwe. Ankangopitiriza nkhani ya mbuzi zawo.

Tsiku lina tinatsala matimu awiri okha. Amalume ndiwo ankayendetsa galimoto, tonse tili momwemo. Ali mkati mofotokoza za mwendo wa azakhali, anatigwetsera mumtsinje. Mwaukali ndinawafufuta m'timu pompo, n'kuikapo mnyamata wina wa ku Lunzu wodziwa kuwombera.

Lamulungu lotsatira tinapambana katatu kotsatizana. Chisomo anatuluka m'gemumo osatsanzika. Atandiimbira, mawu ake anali ozizira.

"Iwe, adadi pafoni wamba satha kucheza. Amangoti tili bwino, n'kudula. M'gemu muja ndi mokhamo momwe ndimawamva ola lathunthu."

Amayi atamva, sanandikalipire. Anangondikweza minibasi ya ku Chileka. Ndinawapeza amalume akupukuta nsapato zawo za kuntchito, fungo la polishi lili guu. Ndinapepesa ndikuyang'ana pansi.

"Ukanangondiuza kuti iwe uli pantchito," anatero. "Ine ndimayesa tikucheza."

Tinapangana kuti Loweruka likhale la mpikisano, Lamulungu lawo. Ndinawabwezera m'timu, ndipo tinapitiriza kuluza mochititsa manyazi. Kunena zoona, sindinazolowere. Ndinkaluma mlomo sabata iliyonse mpaka Chisomo anabwerera kumudzi.

Panopa ndikudziwa kuti kufuna kupambana sikunali kulakwa, ndipo kucheza kwawo sikunali kulakwa. Cholakwa changa chinali choti miyezi yonse ija ndinkalamula anthu atatu, osawafunsa ngakhale kamodzi chimene aliyense wadzera.