Chala cha Ada Cyrus pa Keke ya Martha

Nditatumizidwa kudzaphunzitsa ku Nkhata Bay, ndinapeza nyumba ku Chikale, moyandikana ndi Nellie Manda, mayi wophika makeke aukwati. Ndinayamba kumva mawu ake ndisanaone nkhope. Ankakalipira mtanda woyera patebulo ngati mwana wosamva. Mtandawo ndi fondanti, chofunda cha shuga chomwe amakutira nacho keke kuti isalale ngati dzira.

Kuno fondanti ndi yamwano. Chinyezi cha kunyanja chikaigwira imatuluka thukuta, n'kuyamba kumata. Yogula m'ndowa ku Mzuzu Nellie safuna n'kuiona komwe, akuti inapangidwira anthu akumalo ozizira. Amakanda yake ndi shuga wosalala, jelatini ndi giliserini, m'mawa dzuwa lisanakwiye, n'kuipapatiza ndi botolo. Ukamulankhulitsa nthawi imeneyo, waziputa dala.

Luso limeneli analitenga kwa bambo ake, Ada Cyrus, omwe anaphika zaka zambiri m'hotela ku Bulawayo. Maso awo anafa kalekale, koma dzanja linkaonabe. Keke iliyonse isanatuluke m'nyumba, iwo ankasamba m'manja, n'kuyendetsa chikhatho pamwamba ndi m'mbali. Chigamulo chinali chimodzimodzi kwa zaka makumi awiri: “Yatsala pang'ono.”

Nellie, mayi wa imvi zake, ankaima potero ngati mwana wa sitandade wani wodikira kope lake. Ankandiuza kuti alibe nazo ntchito. Bodza lenileni. Boma lonse linkatama makeke ake, koma iye ankafuna mawu a munthu mmodzi yekhayo, ndipo zinkandimvetsa chisoni.

Ukwati wa mwana wake Martha unagwa pakati pa dzinja. Nthawi imeneyo Ada anali atasiya kudzuka pabedi, ndipo tonse tinkadziwa, osanena, kuti keke ina sadzaigwiranso. Mvula inagwa masiku anayi osakata. Fondanti yoyamba inamata patebulo, yachiwiri inang'ambika m'mphepete. Ufa wosalala wa chimanga umene Ada anamuphunzitsa kuwaza pokanda unali utatha, ndipo m'masitolo munalibe.

Nellie anapita kumsika n'kubwera ndi chinangwa. Anachipala, kuchifinya m'nsalu, kudikira zoyera zikhazikike pansi pa beseni, kenako n'kuziumitsa pafupi ndi mbaula. Ankachita mobisa, pakuti Ada ankati chinangwa n'cha kondowole, chisayandikire keke. Fondanti yachitatu inagona pakeke bwinobwino, yopanda khwinya ngakhale limodzi.

Kekeyo tinainyamula awiri kulowa nayo kuchipinda kwa Ada. Nellie anawapukuta manja bambo akewo n'kuwaika chikhatho pamwamba. Dzanja linazungulira kamodzi, kawiri. Kenako ananunkhiza nsonga za zala.

“Chinangwa ichi.”

“Inde, Ada,” anayankha Nellie, mawu ali pansi.

Dzanja linabwereranso, likufunafuna polumikiza. Silinapapeze.

“Mwana wangu,” anatero, “ine ku Bulawayo sindinafikepo apa.”

Nellie anatuluka liwiro, n'kukandikalipira kukhitchini kuti ndasiya masupuni osatsuka, misozi ili chuchuchu. Ndinangomusiya akalipe.

Titabweza keke patebulo tinaona kuti dzanja la Ada lija lasiya kadzenje ka chala chachikulu m'mbali, poonekera penipeni. Ndinatola duwa la shuga kuti tibisepo. Nellie, mayi amene amasenda fondanti yonse chifukwa cha kamng'alu konga tsitsi, anandimenya padzanja.

“Siyani, aphunzitsi.”

Keke inalowa m'holo choncho. Azimayi ena ananong'onezana kuti Nellie wayamba kukalamba. Iye anaitembenuza yekha kuti kadzenjeko kayang'ane kwa anthu.