Chitseko cha Asekuru a Ziba

Ndikadutsa pomwe akalipentala akupala matabwa pano pa Jenda, fungo lake limandibweza kwathu ku Champhira, m'khitchini mwa a Ziba, momwe utsi wa nkhuni za msuku unkasakanikirana ndi fungo la fodya wawo wam'mphuno ndi la mlombwa wouma, nkhuku zikupalasa phulusa pakhomo, iwo akutsokomola ndi kutukwana mbuzi za anthu. Sanali agogo anga enieni. Nyumba yawo inangoyandikana ndi yathu, koma mudzi wonse unkati asekuru, nanenso ndinkatero.

Musaganize kuti anali mngelo. Ankakalipa pa zinthu zazing'ono, kutchalitchi ankaimba mokuwa ngati akuitana ng'ombe, ndipo ulaliki ukatalika ankagona poyera, pakamwa pali yasa. Akazi awo anamwalira ine ndisanabadwe. Ana awo awiri anapita ku Joni n'kutchona, osatumiza ngakhale moni.

Podziwa kuti palibe wodzawagulira bokosi, anadula mtengo wa mlombwa akadali ndi mphamvu, n'kuchekesa matabwa. Anawasanja pa mitanda ya denga la khitchini kuti utsi uziwateteza ku tizilombo toboola. Chaka chilichonse mvula ikasiya ankawatsitsa, kuwapukuta mwaye ndi kansanza, kenako n'kugonapo chagada pabwalo, manja ali pachifuwa.

"Nyatembo, zanga kuno!" ankandiitana kuti ndibwere, akutchula mfunda wa bambo anga. "Ona ngati ndikukwana."

"Mwakwana, asekuru. Mpaka malo atsala kumapaziku."

"Mbwenu ndikufupika. Ndikachedwa chomene mudzandiika m'bokosi la mwana."

Ndinkaseka, koma anzanga ankathawa. Aliyense m'mudzimo ankawadziwa matabwa amenewo, ndipo panalibe wofuna kuwakhudza.

Bambo anga nawonso anali ku Joni. Anabwerako ndili sitandade folo, ali m'bokosi lonyezimira la zogwirira ngati zagolide. Pamaliro anthu anakamba za bokosilo kuposa za mwini wake. Dothi lisanaume pamanda, bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anayamba kututa: njinga, wailesi, mabulangete. Amayi ndi a ku Dowa. Kwawo ndi Nabanda, ku Champhira anasanduka Nyabanda. Ng'ombe za lobola zinaperekedwa kalekale, choncho ine ndi kamlongo kanga Yamikani tinali ana a kuchimuna. Amayi akanafuna kubwerera kwawo akanapita okha, ife n'kutsala. N'zimene bambo aang'onowo ankafuna, kuti nyumba ya malata ija ikhale yawo. Ataona kuti amayi sakusuntha, anabwera ndi hamala n'kuzula chitseko.

"Ichi ndi thukuta la mkulu wanga, mulamu," anatero, n'kuchisenza.

Unali mwezi wa Juni. Amene anagonapo ku Champhira nyengo imeneyo akudziwa mphepo yake, yolowa m'mafupa ngati singano. Amayi anapachika chiguduli pakhomo. Mmawa tinkapeza agalu atanyambita mapoto, mbuzi zitagona pamphasa pathu, Yamikani akutsokomola mpaka kusanza. Amayi a kumpingo anabwera atavala zoyera zawo, anaimba bwino kwambiri, anapempha Mulungu kuti aimike angelo pakhomo pathu, n'kumapita. Sindikuwanena, koma mphepo inapitiriza kulowa.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinapeza amayi akupinda zitenje zawo n'kumaika m'chikwama. Sanandiyang'ane. Ndinadziwa kuti akukonzekera kubwerera ku Dowa okha. Ndinapita kuseri kwa khola n'kukalira, ndipo a Ziba, amene ankasema mpini chapafupi, anangondikalipira kuti ndikuwasokosera.

M'mawa mwake tinamva chinthu chikukhwekhwereza pansi. Anali a Ziba, akukoka thabwa limodzi, thukuta lili noninoni ngakhale kunkazizira.

"Nyatembo, manja ulibe? Katenge ena aja."

Amayi anatuluka, n'kugwada pomwepo pafumbi.

"Chonde asekuru, amenewo ndi a ulendo wanu. Anthu adzati chiyani?"

"Yayi, Nyabanda, imirira. Ulendo wanga sufuna matabwa. Bokosi ndi la anthu oonerera. Uganiza kumwambako adzandifunsa kuti wabwera m'chiyani? Adzandifunsa kuti ana a neba ankagona bwanji iwe ukusunga matabwa padenga. Ine ndiyankhe kuti chiyani? Kamasule chikwama chija, undipangire tiyi."

Tsiku lonse anacheka, kupala ndi kukhoma, ine ndikugwirira. Mwaye ukachoka, mlombwa unkatuluka wofiirira ngati uchi, ndipo zopalapo zake zinkapotana pamapazi anga, zikununkhira. Anandikalipira kosawerengeka chifukwa chogwira mopendeka. Mahinjesi anazula pa zenera la nyumba yawo. Dzuwa likupendeka, chitseko chinali pamalo pake, cholemera moti Yamikani sankatha kuchikankha.

Bambo aang'ono sanachedwe. Anafika ndi hamala yawo ija, akufunsa amene waloleza kukhoma zinthu panyumba ya mkulu wawo. A Ziba anakhala pakampando, akununkhiza fodya mosafulumira.

"Zula, mwana wane. Ndapota, zula. Koma udziwe kuti ndi bokosi langa. Ukalikhome pachipinda pako, uzidzitsekera m'menemo tsiku lililonse pogona."

Anthu anali atasonkhana. Wina anaseka, enanso n'kutsatira. Bambo aang'ono anayang'ana chitseko, anayang'ana hamala, n'kunena kuti adzabwera mawa. Mawa lake silinafike. Munthu amene sanaope misozi ya mkazi wamasiye anaopa matabwa a munthu wamoyo. Amayi anamasula chikwama, ndipo sanachimangenso.

A Ziba anakhalabe ndi moyo zaka zingapo, akukalipa monga kale. Amayi ankawapatsira ndiwo, iwo n'kumadandaula kuti anthu a ku Dowa amachulukitsa mchere, mbale n'kubwerako yoyera. Atadwala matenda omaliza, amayi anawauza kuti azula chitseko chija kuti matabwa abwerere kwa mwini wake. Mkulu wa mpingo anali pomwepo. A Ziba anatsegula diso limodzi.

"Mukachizula, ndidzauka lipenga lisanalire, ndidzakupezeni nonse."

Anaikidwa m'mphasa. Ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti n'zamanyazi, munthu wamkulu chotero kupita ngati mtolo wa nkhuni. Amenewo ndi omwe aja anaimba bwino pakhomo pathu. Ndinafuna kuwalavulira, amayi anga n'kunditsina.

Za ine palibe zokoma zoti ndikuuzeni. Amayi anamwalira ndili fomu thu, sukulu inathera pomwepo. Bambo aang'ono anaipeza nyumba yawo ija pamapeto pake. Tsiku lochoka ndinazula chitseko ndekha iwo akuonerera, n'kuchikweza pangolo pamodzi ndi Yamikani. Lero ndimagulitsa kachewere ndi tomato m'mbali mwa msewu, kuthamangira mabasi ngati wamisala. Anzanga amene ndinkawaposa m'kalasi amanditsitsa mtengo ali pazenera la galimoto.

Kutchalitchi ndimapita mwa apo ndi apo. Alaliki a zimkuzamawu amene amaima pamsika pano n'kumalonjeza magalimoto ndi maulendo a ku Joni kwa wopereka zambiri, ndilibe nawo nthawi. Ndinaliona bokosi la zogwirira zagolide likutsikira m'dzenje, ndinaonanso mphasa ikutsikira m'dzenje lofanana nalo, dothi lake limodzimodzi. Zambiri zimene ndinapempha kwa Mulungu sanandipatse, ndipo ndimamuuza zimenezo mosabisa. Koma za moyo wosatha sinditsutsa. Munthu amene akuganiza kuti zonse zimathera m'dothi sapereka chinthu chomaliza chimene wasungira dothilo. A Ziba anapereka ngati munthu wodziwa kuti kumene akupita akumudikirira.

Ndasamuka kangapo pano pa Jenda, ndipo kulikonse ndimachotsa chitseko cha eni nyumba n'kukhomapo changa. Amene ndikukhala kwawo panopa anandifunsa chifukwa chake, poti chawo chinali chabwinobwino, chopaka penti.

"Ili ndi bokosi la asekuru anga," ndinawauza.

Sanafunsenso, ndipo akafuna kundiona amaima patali n'kuitana. Mwezi wa Juni ukafika, mphepo ikamaomba kuchokera kumapiri, ndimachikankha ndi phewa mpaka chitsekeke, n'kununkhiza matabwa ake, amene penti sinawafikepo chikhalire. Utsi wa msuku udakamvekabe. Ndimawathokoza kuti, "Yewo, asekuru," n'kukawotcha madzi a tiyi.